Kugawa ndi 47

Sitiroko itawagwira bambo, dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka, koma matama anatsala osakhudzidwa. Achemwali anga ankafuna kuwatenga akakhale kwawo, m'kachipinda ka kuseri. Bambo anakana kwamtuwagalu. Munthu wophunzitsa masamu zaka makumi atatu, akuti, sasungidwa ngati mipando yakale.

"Iwe," anandiitana, "ndipatse nambala yaikulu. Ndikuuza ngati ili yosagawika, yoti palibe nambala yoigawa popanda zotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ndikalakwa, ndiye kuti mutu wapita. Mudzanditenge."

Ine ndine mwana amene ndinkalakwitsa masamu. M'kalasi mwawo ankandiimika pabolodi, n'kumauza anzanga kuti mutu wangawu ndi wonyamulira makutu basi. Ndinakula nawo mawuwo, ndipo sindinakhululuke. Ndinafufuza pafoni, n'kuwalembera 8,388,607.

Bambo foni ankaiyesa chida cha alesi. Njira yawo inali yakale: kugawa nambalayo ndi 2, kenako 3, 5, 7, nambala zosagawika zonse mpaka 2,887. Zilipo 418. Ndi dzanja lamanzere losazolowera kulemba ankakwanitsa imodzi yokha patsiku, m'mawa akamwa mankhwala, kope litapanikizidwa ndi kapu kuti lisathawe.

Tsiku lakhumi ndi chisanu anafika pa 47. Ndinaima kumbuyo kwa mpando wawo ngati ndikutsegula zenera. Pakati pa ntchitoyo anachotsa 376 pa 398, n'kulemba 32. Anapitiriza mpaka pansi, n'kupeza zotsala, n'kuchonga.

Kulakwitsako ndinakuona, koma ndinangokusiya. Kope likatha ndinkawagulira lina. Pensulo ndinkawasongolera ndekha, mpaka achemwali anayamba kundiyamikira kuti ndasintha mtima.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri, bambo anaitanitsa banja lonse pabalaza. Anavala tayi. Anasanja makope asanu ndi limodzi patebulo, n'kuwasisita.

"Nambala iyi ndi yosagawika," anatero, malovu akudontha pang'ono. "Mutu uwu ndi wamoyo. M'nyumba muno simuchoka munthu."

Achemwali anaombera m'manja, misozi ili mbwee. Alamu anati bambo ndi katakwe.

"Bambo," ndinatero mwaulemu wonse, "tagawaninso ndi 47, tione nawo ife mbuli."

Anaseka, n'kutenga pensulo. Pabalaza panangomveka kukwecha kwake. Atafika pa 398 anaima nthawi yaitali. Analemba 22. Manambala anatsika okha mpaka pansi: 178,481, popanda chotsala. Anabwereza kachiwiri. Kachitatu pensulo inaboola pepala.

"Unadziwa liti?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Tsiku lomwe ndinakupatsani."

"Ndipo unandiona ndikulakwitsa?"

"Ndinali kumbuyo kwanu."

Achemwali ananditukwana, ati ndine mfiti yopanda mankhwala. Ndikanama ndikati sindinakondwe. Ndinakondwa, mtima unachita kuti myaa.

Galimoto yodzawatenga inabwera Loweruka. Bambo sanatsutse chilichonse. Makope anawasiya patebulo, ndipo zovala anangolola kuti tiwasankhire. Atafika pakhomo anaima, n'kuyang'ana mapazi awo kwa kanthawi. Kenako anandikoka malaya.

"Pepani achimwene," anatero kwa ine, mwana wawo, "tandionerani. Nsapatozi ndavala bwino, kapena ndasemphanitsa?"