Foni ya Pachulu

Obby anatsika pachulu kachitatu ali wefuwefu, foni ili m'manja, n'kudzaima pakhomo.

"A Sista ati ugona bwino?"

Mkazi wake Linah anali m'nyumba pamphasa, khanda la masiku asanu ndi limodzi lili pamiyendo. Asanatsegule n'komwe pakamwa, apongozi ake a NyaMtonga, amene anakhazika kampando kawo pakhomo penipeni, anali atayankha kale.

"Wali makora uyu, alibe vuto. Kawauze kuti agona mpaka kuliza mkonono."

Obby anathamanganso. M'mudzi mwawo, cha ku Kapichila, netiweki inadzisankhira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya. M'nyumba ya munthu sinkalowa ngakhale uigwadire.

Kuyambira pamene Linah anali ndi pakati pa miyezi isanu, a Sista Irene, namwino wa kuboma ku Lundazi, ankamuimbira Lachitatu lililonse. Mwana woyamba wa Linah anafera m'mimba, ndipo mantha sanamuchoke. Ankakwera pachulupo yekha, kukhuthula zonse za kukhosi, n'kutsika mtima uli m'malo. Koma Lachitatu ili linamupeza m'chikuta. Mchombo wa mwana unali usanagwe, ndipo a NyaMtonga anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti wobereka sapondanso panja mpaka utagwa. Nkhani za mumtima zija tsopano zinkayenda ndi miyendo ya Obby.

Linah anakwiya koopsa. Masiku anayi tulo sanatione. Mwana akalira ankangomuyang'ana osamva kanthu, kenako n'kudzida yekha. Dzulo lake anadzipeza akuganiza kuti khandali likanakula bwino iye kulibe. Zoterezi ungatume nazo munthu? Munthu wake n'kukhala mwamuna wako, mayi ake ali pomwepo makutu ali tcheru?

Obby anabweranso ndi funso la zakudya. A NyaMtonga anatchula phala lonse limene anaphika sabata imeneyo, osanenako kuti theka lake linathera kwa nkhuku.

Obby anabwereranso pachulu, koma ulendo uno anachedwa. Linah anasuzumira pazenera n'kuona Obby akukanda m'mutu, foni ili kukhutu. Mwamunayo sanatsike. Anangoseka, n'kukuwa monga ankachitira nthawi zonse pafoni, ngati kuti mawuwo akafika ku Lundazi ndi mphamvu ya kummero kwake.

"Yayi, a Sista, izo kuno kulibe. Ife ndife anthu opemphela."

Linah analidziwa funsolo. A Sista Irene ankamalizira nalo sabata iliyonse: ngati anaganizapo zodzivulaza. Miyezi yonseyi ankayankha kuti ayi ndi mtima woona. Lero, tsiku lokhalo limene yankho linasintha, wina anamuyankhira akuseka.

Anadzuka pang'onopang'ono, anamanga chitenje, n'kuika mwana m'manja mwa apongozi ake.

"Ukuya nkhu?" anafunsa a NyaMtonga.

"Amama, mchombo umene tiyembekeza ni wa mwana. Wanga unagwa kale. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko."

A NyaMtonga anachenjeza kuti mwanayo akangodwala, mlandu udzakhala pamutu pake, ndiponso kuti iwo anabereka asanu ndi awiri popanda kulirira m'foni. Mawuwo anamulasa Linah, ndipo anachita mantha zedi. Komabe anadutsa pambali pa kampando kaja.

Dzuwa linamuthobwa m'maso. Azimayi awiri amene ankaswa mtedza pakhonde loyandikana anasiya ntchito n'kumamuyang'ana. Chulu chija, chimene kale ankachikwera ali ndi mimba osapumira, lero anachikwera chokwawa, akugwira udzu.

Obby anangoti kukamwa yasa.

"Nipatseni foni, imwe museluke," anatero Linah.

Anadikira mpaka mwamunayo atatsika n'kufika pachigafa. Kenako anakhala pansi, n'kutembenukira kutchire.

"A Sista, ndine Linah. Zonse zimene mwalemba lelo mufafanize. Funso lija lothela, munifunsenso."

Kumbali inayo kunamveka pepala likutembenuzidwa.

"Nili pano, Linah. Ganizo ilo linakubwelela liti?"

"Dzulo," anatero Linah, misozi ikutsika.