Chule wa Zikhadabo

Damu langa la nsomba ndinakumba ndekha, kumunsi kwa kasupe wa m'dimba la malemu amayi, cha kuno ku Chezi. Chinali chaka chomwe tinasankha boma latsopano. Alangizi anandipatsa mbewu ya makumba m'chidebe, ndipo ndinkawathirira gaga m'mawa uliwonse. Nsombazo zinkaswa ndithu. Tiana ndinkationa titadera bii m'mbali mwa madzi, koma pakatha sabata ziwiri tonse tinkazimirira.

Achimwene anga a Enoki malowo ankawafuna. Anthu wamba tinali titaloledwa kulima fodya wa bale, ndipo panalibe malo ena a madzi abwino oikapo nazale.

"Achemwali, mukuweta achule," anatero tsiku lina ataima pa khoma la damu. "Ndikupatsani mpaka Seputembala wa chaka chamawa. Mukapanda kundionetsa nsomba zodzaza beseni, ndiboola khomali ndifesepo fodya. Kapena tiitane abale tivote, si ndi demokalase?"

"Inu munavotera kukumba?"

Anaseka n'kumapita. Koma ndinkadziwa kuti pa abale onse palibe akanaima mbali yanga. Fodya ankamveka, nsomba za m'phiri zinali nthabwala.

Aliyense ankati akudya tianato ndi achule. Choncho mvula itagwa ndinayamba nkhondo. Ndinadula chibonga cha mtengo wa gwafa, ndipo chule aliyense wopezeka pa udzu, pa bango kapena pansi pa masamba a nthochi ndinkamuswa. Mbululu ndinkazikokola ndi chitenje chakale n'kuzikhuthulira padzuwa. Tiana ta nsomba tinapitirizabe kutha.

Mu Januwale kunafika mayi wina atavala majombo ndi buluku, atanyamula chikwama chodzaza mabotolo. Buluku pa munthu wamkazi linali lachilendo nthawi imeneyo, moti amayi a kuchitsime anasiya kutunga. Anati dzina lake ndi Lidia, kwawo ndi ku Malomo, koma anaphunzira ku Zomba, ndipo akuyenda m'mitsinje yotsika m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa kulemba mitundu ya achule ndi nsomba. Wina anamuuza kuti kwa a Modesta, kutanthauza ine, kuli achule ambiri.

"Alipo," ndinatero, n'kumuonetsa mulu wa m'mawa umenewo.

Anagwada pambali pa muluwo. Anayamba kuwatembenuza mmodzimmodzi ndi kamtengo, n'kumawaika m'magulu ngati akusankha mtedza. Magulu anakwana asanu.

"Awa anakulakwirani chiyani, amayi?"

"Akundithera nsomba."

"Uti mwa awa?"

"Chule ndi chule."

"Nanga nkhuku ndi kabawi si mbalame zonse? Kabawi akagwira mwanapiye mumapha tambala?"

Ndinakwiya, chifukwa anali wamng'ono kwa ine ndipo ankanena zoona. Ananyamula kachule kobiriwira kokhala ndi timizere m'mbali, n'kundionetsa timipira ta kumapeto kwa zala zake. Anati kameneka kamakwera bango n'kumadya udzudzu. Wamkulu wa zitupsa kumsana uja amadya chiswe ndi mbozi za m'dimba, m'madzi amangobwera kudzaikira mazira. Wina wa mphuno yosongoka ndi miyendo itali anamuyang'ana nthawi yaitali, kumuyeza ndi karula, n'kumuika m'botolo la mankhwala onunkha ngati kachasu. Anati sakutsimikiza kuti ameneyu ali m'buku lake, akamufananiza ndi ena ku Zomba.

"Mwapha apolisi, wakuba ali m'nyumba," anatero. "Muli ndi mono?"

Mono ndinali nawo, wa malemu amuna anga, uli pa denga la khola. Anandiuza kuti ndiikemo matumbo a nkhuku, ndiumize m'damu koma nsonga yake itsale pamwamba kuti cholowamo chizipuma. Ndinapha nkhuku, n'kumuuza kuti popeza wandiphetsa nkhuku, adya nawo.

Kutacha tinavuula monowo. Unali wolemera. Titakhuthulira m'ndowa munagwa zinthu zoterera, zaphwatalala ngati zapondedwa ndi ngolo, timaso tili pamwamba pa mutu. Zinalipo zoposa makumi awiri. Zaka zonse ndakhala pa dambo ndinali nditaziwonapo kawiri kapena katatu, osazilabadira, chifukwa sizilira pa udzu ngati achule ena.

Lidia anagwira mmodzi mwamphamvu n'kutambasula mwendo wakumbuyo. Pa zala zitatu panali zikhadabo zakuda.

"Uyu satuluka m'madzi kukasaka. Lilime alibe, chakudya amakankhira m'kamwa ndi manja. Makolo ake anasiyana njira ndi achule enawa kalekale, anthu kusanakhale, iwo n'kusankha kukhala pansi pa madzi."

"Zimenezo mukanene kwa abambo mfumu ku parishi."

"Anandiphunzitsa ndi asisitere," anayankha akuseka.

Ine sindikhulupirira za pakamwa. Ndinatenga mpeni n'kung'amba mmodzi pamimba. Munatuluka tiana ta makumba tisanu, tina tisanagayike n'komwe. Ndinakhala pansi pa khoma. Miyezi iwiri ndinali ndikutuluka thukuta ndi chibonga, mdani akundiyang'ana ali m'matope.

Ndinafuna kuthira ndowa yonse kwa nkhumba. Lidia anandigwira mkono.

"Nayenso ndi wa dambo lino, munamupeza ndinu. Mukawataye kumunsi, kutsidya kwa msewu."

"Abwerera."

"Mvula ikamagwa amayenda, inde. Mangani kampanda ka bango kofika m'bondo, kothithikana, ndipo polowera madzi muikepo sefa. Koma awa a pa udzuwa muwasiye. Ndapota nanu."

Sindinalonjeze chilichonse. Anakhala masiku atatu, akukokola tinsomba m'khwawa ndi kuwerenga mamba ake ndi singano. Ndinamuuza kuti matemba a kumtunda kwa mathithi ndi owawa pang'ono kusiyana ndi a kumunsi, iye n'kulemba m'buku ngati ndanena za nzeru, pamodzi ndi dzina langa. Tsiku lachinayi anakwera matola wa ku Ntchisi.

Mpanda ndinamanga, sefa ndinadula pa yosefera ufa. Mono ndinkautchera kawiri pa sabata mpaka unayamba kutuluka wopanda kanthu. Ogwidwawo ambiri ndinkakawataya kutsidya kwa msewu monga ananenera. Masiku otopa nkhumba zinkadya, sindinama. Chibonga ndinasonkhezera moto.

Pofika Malichi tiana tinali tikuyenda m'magulu, tikukula. M'nyengo yozizira tinaima kukula, ndipo mtima unali m'mwamba, chifukwa kuno Juni amaluma. Ndinkawonjezera masamba a maungu ndi manyowa a mbuzi.

Sabata yoyamba ya Seputembala a Enoki anafika ndi khasu pa phewa, mbewu ya fodya ili m'kabotolo m'thumba la malaya.

"Beseni lili kuti, achemwali?"

"Vulani nsapato mugwire uko."

Tinakoka ukonde wa masaka osokerera kuchokera mbali ina kufika ina. Nsomba sizinali zazikulu, zambiri zinali ngati chikhatho cha mwana wa sukulu. Koma beseni linadzaza, lachiwiri linafika pakati, ndipo zina zinkadumpha ukonde kubwerera m'madzi.

A Enoki anaima akudontha matope mpaka m'chiuno.

"Madzi otuluka m'damumu amapita kuti?"

"Ku dambo."

"Ndikaika nazale kumunsi kwake, mungakane? Ali ndi manyowa kale."

"Ikani. Koma mankhwala anu opopera asayandikire khoma langa, ndipo achule a pa udzu musawaphe."

"Mwayamba liti kukonda achule inu?"

"Sindiwakonda. Ndimangowadziwa."

Anasankha nsomba zisanu ndi imodzi zokulirapo osapempha, n'kuzitunga pa kaluzi.

Lidia sanabwerenso, ndipo keyala yake sindinafunse. Nsomba zina ndinaziwamba n'kupatsira mkazi wina wogulitsa tomato wopita ku Malomo, kuti akafunse kwawo kwa mtsikana wa mabotolo uja akasiyire mayi ake. Anabwera n'kundiuza kuti anawapeza, ndipo mayiwo anafunsa ngati nsombazo n'zogulitsa. Ndinati ulendo wina akawauze kuti ayi, ndipo chaka chamawa zibweranso.