Mtovu pa Nsapato za ku Norway

Lenard atangotsitsa chikwama cha kuntchito pakhomo la galaja, anapeza mwana wake Rosebell ataima pafupi ndi tebulo la zipangizo, atakumbatira kanthu kokulunga m'thaulo.

"Dadi, mungathe kuwotcherera ichi?" anafunsa m'Chingerezi chake cha ku Perth, kumene banjali linkakhala, mawu ali pansi.

Lenard anali atasula zitsulo za makina a m'migodi kwa zaka khumi ndi ziwiri pa wekishopu ina ku Welshpool, dera la mafakitale mu Perth momwemo, ndiye zothyoka sizinkamudabwitsa. Koma atavundukula thaulolo anadabwa. Munali nsapato ziwiri zachikopa chouma gwa, kunsi kwake kuli mipeni italiitali yowongoka. Zinali zothamangira pa ayezi, koma osati ngati zimene Rosebell ankavala ku kalabu yake. Izi zinali zamakedzana. Mpeni wa yakumanzere unali utazuka m'kapaipi kougwira, ukulendewera.

"N'za ndani?"

"Za agogo awo a Debbie."

A Debbie anali mphunzitsi wa kalabuyo, mayi wa imvi amene anamutola Rosebell akadali kugwira khoma la bwalo, n'kumufikitsa pothamanga kuposa atsikana onse amsinkhu wake. Agogo awo aamuna anali a ku Norway. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse isanabuke, ankakwera sitima yapamtunda masiku angapo kukapikisana ndi a mayiko ena ku Davos, pa ayezi wapanja, mphepo ili kumaso. A Debbie anabwereka Rosebell nsapatozo kuti akaonetse kusukulu pokamba mbiri ya masewerawa. Lamulo linali limodzi: zisaponde ayezi.

"Unazivala," anatero Lenard.

"Kamodzi kokha. Ndimangofuna kumva mmene ankamvera iwowo."

Dainess, mayi a Rosebell, anali pakhomo la kukhitchini, akadali m'yunifomu ya kuchipatala cha ku Murdoch.

"Chakomachakoma pusi anagwa chagada," anatero. "N'chifukwa chake kuyambira dzulo munthu akukhalira mbali imodzi pampando. Ine ndimayesa ndi sitayelo."

Rosebell sanaseke. "Mungowotcherera pang'ono, Dadi. Sadziwa."

Lenard anatengera nsapatoyo powala. Anayendetsa chala pamsoko, n'kupala pang'ono ndi chikhadabo.

"Apa sanawotcherere ayi. Anamata ndi mtovu. Ukangofikitsapo moto wa kuntchito kwathu, mpeni ufewa, chikopa chipsa."

Msoko woterowo Lenard ankaudziwa. Bambo ake, a Fidelis, ankakhoma ndowa ndi kumata maketulo ku Mchesi, ku Lilongwe, ndipo Lenard anakula akuwaotchera chitsulo chomatira pambaula. Anzake a ku Welshpool ankadziwa za masatifiketi ake. Za ndowa sanauzepo munthu.

"Kukonza ndingathe," anatero. "Koma chinthu cha mwini sindichikhudza mwini wake asanamve."

"Andichotsa m'timu. Mpikisano wa ku Melbourne ndi mwezi wamawa."

"Mwina akuchotsadi. Ukawauze wekha. Ine ndikuperekeza basi."

Loweruka m'mawa kunja kunkatentha ngati ku Nsanje, koma m'bwalo la ayezi Lenard anapisa manja m'khwapa. Anaima patali ndithu. Anaona mwana wake akupita kwa a Debbie, akuvundukula thaulo, akulankhula osayang'ana kumbali. Anzake a m'timu anasiya kumanga zingwe n'kumamvetsera. Rosebell anamaliza zonse, osanamizira ayezi kapena ukalamba wa chikopa. Lenard pamsinkhu umenewo akanathawira kwa azakhali.

A Debbie anatembenuza nsapatoyo m'manja.

"Ndinakuuza chinthu chimodzi, Rosebell. Masabata awiri usaponde ayezi. Za Melbourne tidzaona ndi liwiro lako ukabwerera." Kenako anatembenukira kwa Lenard. "Inu ndinu bambo ake, owotcherera zitsulo aja? Ndinafunsapo malo atatu za msoko wa nsapato inzakeyi, onse akuti ntchito yotereyi inatha kalekale."

"Siinathe," anatero Lenard. "Bambo anga ankaigwira tsiku lililonse. Ankamata ndowa kumsika ku Lilongwe. Ndinaphunzira kwa iwo."

Anadabwa yekha kuti mawuwo atuluka mokweza chotero.

A Debbie anamuonetsa chotupa cha mtovu pa nsapato yakumanja. "Apa anamata okha agogo anga, m'mawa wa mpikisano. Anamaliza pa nambala leveni. Anafa ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu akunenabe za nambala leveni imeneyo. Yothyokayi ikonzeni. Ndingabwere kudzaonerera?"

Anabweradi Lamulungu masana, banjalo litaweruka ku tchalitchi, n'kukhala pa kireti m'galaja. Lenard anakulunga chikopa ndi nsanza yonyowa. Anapala dzimbiri ndi tupa laling'ono, pang'onopang'ono, mpaka chitsulo chinayera. Rosebell anagwira mpeniwo ndi pulayala.

"Usapume mwamphamvu," Lenard anamuuza. "Ukapendeka ndi tsitsi limodzi, nsapato izikokera kumbali."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," Dainess anaponyamo akubweretsa tiyi. "Koma kudekha kumeneku sindinakuonepo pa geti lathu lija, lomwe likudikira kukonzedwa kuyambira Isitala."

Mtovu unasungunuka n'kuyenderera mumsoko ngati madzi opeza ngalande. Fungo lake linadzaza galaja yonse, fungo la ku Mchesi. Utazizira, Lenard anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana mpeniwo kuchokera kuchidendene. Unali wowongoka. Anatenga tupa kuti asalaze, msoko usaoneke.

A Debbie anamugwira mkono. "Usiyeni choncho. Wa agogo ukuoneka, wanunso uoneke. Nsapatozi zikakhala mu kabati ya kalabu, ndipo pakhadi ndikalemba amene anamata ndi amene anamuphunzitsa."

Lenard anatchula dzina la bambo ake chilembo chimodzichimodzi, a Debbie akulemba pafoni.

Pochoka, a Debbie sanachotseko ngakhale tsiku limodzi pa chilango chija, ndipo Rosebell sanapemphe. Galimoto yawo itangokhota, Rosebell analowa m'nyumba n'kutuluka atavala nsapato zothamangira pamsewu.

"Pa ayezi andiletsa, koma papaki sanandiletse. Dadi, mukandiwerengera nthawi?"

Lenard anapukuta manja ndi nsanza, anatenga foni, n'kumutsatira.