Mphukira za Meyi

1.
Duwa silinafepo m'manja mwanga, anatero a Chimbalanga, kapitawo watsopano wa pa loji ya kuphiri la Zomba. Satifiketi m'chikwama, nsapato zonyezimira. Ine Layisoni wa Sitandade 5 ndinangovula chipewa.

2.
Okidi. Duwa losadziwa dothi, lomera pa makungwa, mizu ili pamtunda ngati zala za nkhuku. Mayi Nankhoma, eni loji, ali ndi miphika khumi ndi iwiri. Ndalera ndine, zaka zisanu ndi zinayi.

3.
Meyi atalowa, chiperoni chikusuzumira, mphukira zinatuluka. Ndinawauza a Chimbalanga kuti mphukira ya m'chisanu imamwa pang'ono, m'mawa basi, kumizu osati pamutu, chifukwa madzi akagona m'kati mwake imawola. Anandifunsa kuti koleji yanga ndi iti. Ndinati ya pansi pa mtengo, bwana, kulibe yunifolomu.

4.
Zimene analamula a Chimbalanga, mayi atapita ku Blantyre:
dothi la kudimba
manyowa a nkhuku
madzi m'mawa
madzi madzulo
Layisoni, katenge tsache.

5.
Iwe Layisoni ukusesa masamba mtima ukuwira ukuona keni ikukhuthulira madzi pamitu ya ana ako ngati ubatizo wa kumtsinje ndipo ukudziwa kuti mayi akabwera adzafunsa amene anamusiyira maluwa ndipo ameneyo ndiwe ndiye ntchito ipita nyumba ya pa loji ipita mkazi wako adzamanga katundu m'chitenje pomwe bwana wa satifiketi akupukuta nsapato

6.
Tomato. Amayesa tomato.

7.
Ndinangovula chipewa.

8.
Mayi anabwera Lachisanu masana. Asanatsike bwino m'galimoto, a Chimbalanga anali kale pachitseko.
Mayi, maluwa aja ndinawalanda, ndikusamala ndekha. Uyu sanakhudzeko ngakhale tsamba.
Zoona, Layisoni?
Zoona, mayi. Ine masiku ano ndine mkulu wa tsache.

9.
A Chimbalanga anatitsogolera kukhonde la maluwa, akufotokoza za manyowa m'Chingerezi. Anawerama pa mphika waukulu, uja ndinayamba nawo ine, kuti mayi aone kunenepa kwake. Anagwira mphukira ndi zala ziwiri.
Inazuka. Yofewa, yakuda kutsinde, fungo la nthochi yowola.
Mayi anakoka ya mu mphika wachiwiri.
Nayonso.