A Sizasi Akufuna Kwawo

Dokotala atalowa muwodi ya odwala maganizo, anapeza a Sizasi atakhala pabedi, atavala kale jekete, kuphazi kuli nsapato zopanda zingwe. Zingwe ndi lamba anawalanda tsiku limene mwana wawo wamkazi anawabweretsa, atawapeza m'shopu yawo yometeramo tsitsi atamwa mankhwala a makoswe. Mwezi unali usanathe chimwalirireni mkazi wawo.

"A Dazi, mwafika," anatero a Sizasi. Dzinali a Sizasi anamupatsa dokotalayo kalekale, tsitsi la pakati pamutu litangoyamba kuthothoka. "Taonani mutuwo. M'mbalimu mwasanduka tchire. Odwala azikuthawani."

"Wondimeta anatseka shopu," anayankha dokotala akukoka mpando.

"Ndiye m'masuleni akatsegule."

Dokotala anaseka pang'ono. Kwa zaka zambiri, Loweruka ankakhala pampando wa munthuyu, nsalu ili m'khosi, wailesi ikulira chapansipansi. Kumeneko sanali dokotala. Ankangotsinzina n'kumamvera nkhani za mpira ndi za anthu a mumsewu umenewo, ndipo nthawi zina ankaulula zimene sakanauza munthu wina. Ankalakalaka fungo la sopo uja, ndi dzanja lozizira lija likumupendeketsa mutu.

"Mwagona bwanji?" anafunsa.

"Ngati khanda. Mankhwala ndikumwa, chakudya ndikumaliza, afunseni anamwinowo. Lero ndikupita kwathu."

"Kunyumba mukakhala ndi ndani?"

"Ndi mipando. Imandidziwa."

"Nanga maganizo aja?"

"Anapita."

Anayankha mofulumira kwambiri. Dokotala anali atamva kwa mwana wawo kuti dzulo lake a Sizasi analamula kuti makina ometera aperekedwe kwa mnzawo wina, ndipo galasi lalikulu atenge mwanayo. Zimenezi sizinali zochita za munthu woganiza zobwerera kuntchito.

"Makina mwagawiranji?"

"Ndi anga. Kapena nawonso mwawatsekera?"

"Lero sindikutulutsani, achimwene."

A Sizasi anamuyang'ana nthawi yaitali. Pabedi loyandikana nalo wodwala wina ankaimba motsitsa mawu, kubwereza mzere umodzimodzi.

"Ine ndinayamba kuyendetsa lumo pakhosi panu musanakwatire," anatero a Sizasi. "Munkatseka maso. Tsiku lina munagona mpaka mkonono. Simunandifunsepo ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Lero ndikukupemphani kanthu kamodzi kokha."

"Nenani."

"Ndikagone pabedi lathu. Pilo wa mayi ake a mwana uja akadali ndi fungo la mafuta awo. Mwanayo ndikumudziwa ine, achapa zonse ndisanafike. Ndikagone kamodzi, mawa ndibwera ndekha ndi miyendo yangayi."

Mtima wa dokotala unafuna kuvomera. Akanangonena mawu amodzi, namwino akanatsegula chitseko, a Sizasi akanamugwira paphewa, ndipo ubwenzi wawo ukanakhala momwe unalili. Koma m'maganizo mwake anachiona chipinda chawo chogona: chitseko chotseka, munthu ali yekha, popanda womva ngakhale atabuula.

"Ndimuuza mwana wanu asachape kanthu. Pilo abwere naye kuno madzulo ano."

"Kuno? M'fungo la mankhwalali?"

"Kuno."

"Ndiye mwakana."

"Ndakana. Tidzakambirananso sabata yamawa."

A Sizasi anavula jekete pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika kumiyendo kwa bedi. Dokotala anadikira kuti mwina amunyoza, kapena aponya nthabwala ina. Akanailandira ndi manja awiri.

"Zikomo, adokotala," anatero a Sizasi akugona chafufumimba. "Kaoneni odwala ena."

Masana namwino anagogoda pa ofesi. Anali mayi wachikulire amene sankazungulira polankhula, koma tsikuli anayamba waima kaye pakhomo, akusisita chigongono.

"Bambo ometa aja apempha kuti sabata yamawa adzawaone dokotala wina. Akuti aliyense, bola asakhale inu."

Dokotala anagwedeza mutu. "Ndi ufulu wawo. Ndilankhula ndi mnzanga wa wodi inayo."

"Musadandaule, akachira adzaiwala."

"Mwina," anatero dokotala. Namwino atatembenuka kuti azipita, anamuitananso. "Adya?"

"Adya pang'ono."

"Mawa mudzandiuzenso."