Makatoni a Disembala

Kampani ina ya mawailesi ku Blantyre inali ndi kachizolowezi kake. Disembala aliyense, mabuku a ndalama asanatsekedwe, inkatumiza Kenneth, wamalonda wa pakamwa pozuna, ndi lole yodzaza mawailesi ndi matiranzisita, tizipangizo ta miyendo itatu toyankhulitsa wailesi. Zonsezo ankazitsitsa kwa Fyson, yemwe ankakonza ndi kugulitsa mawailesi m'kashopu kake pamsika wa Mzuzu.

"Ingosainani apa, achimwene," ankatero Kenneth. "Mabwana akunja aone ngati tagulitsa. Januwale lole ibwera kudzatenga."

"Yewo chomene," ankayankha Fyson, osadziwa chomwe akuthokozera. Masiku amenewo wa tayi akati saina, unkangosaina. Mafunso ankapweteketsa.

Lole inkabweradi, koma makatoni ankachuluka chaka ndi chaka. Mu 1986 sanakwane m'shopu. Anawaunjika kunyumba ku Chibanja, ana n'kumagona mothinana pabalaza.

Januwale anadutsa, lole osaoneka. Mvula ya ku Mzuzu siidziwa kusiya, ndipo ku Chibanja madzi amachita kutumphuka pansi. Makatoni anayamba kunyowa.

"Adada a Nelia, tsegulani tiyanike," anatero mkazi wake Keziya. "Apo ayi gulitsaniko ziwiri."

"Si zanga, mama. Katundu wa mwini satsegula."

Apa ndiye pamandiwawa ine wosimba nkhaniyi. Onama anali ku Blantyre, koma woopa kukhudza cha mwini anali iyeyu.

Mu Meyi kunafika bambo wa kubanki. Kampani inali itagwa, Kenneth atazimiririka. Bamboyo anati mabuku akuonetsa kuti Fyson anagula katundu yense, ndipo akapanda kulipira shopu ipita.

"Ine ndimangosunga, bwana."

"Nanga anasaina apa ndani?"

Fyson anathamangira kunyumba ali ndi kachiyembekezo. Ngati katunduyo ndi wake, amugulitse, shopu ipulumuke. Anang'amba katoni yoyamba. Nkhungu yokhayokha. Timiyendo ta matiranzisita tinali titachita dzimbiri, tikuthothoka akangotikhudza. Anakhala pansi n'kuyamba kuyesa mawailesi: kuika mabatire, kupotokola, kutchera khutu. Keziya ankangomupatsira imodzi imodzi, misozi ili m'masaya.

Anafika pa yomaliza. Anaiyatsa. Zii.

Anaiika pansi mwaulemu, monga ankachitira ndi katundu wa eni.

"Akanandiuza mu Disembala kuti ndi zanga," anatero, "ndikanaziyanika."