Bowo la pa Ekizozi ya Sajeni

Amayi anaiwala dzina langa, anaiwala la achimwene, anaiwalanso kuti Abambo anamwalira, koma lole sanaiiwale. Ine ankanditchula anesi, mwaulemu ndithu, ndipo ndikawasambitsa ankandithokoza. Ndikawapatsa chakudya ankakankhira mbale kumbali, amvekere sangadye eni nyumba asanafike. Lole ikamveka pokhota polowera kwathu, m'pamene ankakoka mbale ija.

Loleyo Abambo anaigula pa okushoni ya katundu wotha ntchito wa asilikali, ine ndisanabadwe. Ndi yobiriwira, ya mphuno yaitali, ndipo timaitchula Sajeni. Ekizozi yake inali ndi bowo kuyambira kalekale, moti inkalira mokhosomola, mawu ake akeake. Amayi anatha zaka zonse za m'banja akuwauza Abambo kuti akonzetse, Abambo akuyankha kuti mawa. Abambo atatisiya, achimwene anatenga lole ija, ntchito yonyamula mchenga, ndi mawa lomwe lija.

Tsiku lina ekizozi inathothoka pa hampu, basi yobwera m'mbuyo n'kuiponda mpaka kuphwatalala ngati chivundikiro cha poto. Sajeni anafika pakhomo akung'amba makutu. Amayi anatseka m'makutu n'kundipempha kuti nditseke zenera, chifukwa kunja kukudutsa anthu opanda khalidwe. Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake anangolawa tiyi.

"Achimwene, pezani ekizozi," ndinatero. "Apo ayi tigula bokosi."

"Iwe, ukuyesa zimagulitsidwa ngati buledi? Galimoto iyi amene anaipanga onse anafa."

Anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo amene aliyense amamutchula a Zigamba, chifukwa chilichonse chobooka chikalowa m'shedi mwawo chimatuluka ndi chigamba. A Zigamba anamangirira ekizozi ya thalakitala. Ine ndinakhala pafupi ndi Amayi, supuni ili m'manja, maso pankhope pawo. Lole itakhota, Amayi anatchera khutu n'kunena kuti alimi ayamba msanga chaka chino.

A Zigamba anayesanso ekizozi ya basi. Amayi anafunsa ngati tikuyembekezera alendo.

Apa n'kuti diresi likuwakhwepa m'mapewa. Ankalandira tiyi ndi kabuledi kungoti asawakhumudwitse anesi. Ndinali ndi mantha, ndipo ine mantha amanditulukira pakamwa ngati ukali. Achimwene atabwera ndi uthenga wa a Zigamba woti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinawayankha kuti nkhonoyo imadya.

Achimwene anasiya mchenga n'kuyamba kuyendera ogulitsa zitsulo zakale. Ankabwera nsapato zili psuu ndi dzimbiri. Wina anawauza kuti anali nayo koma anaidula n'kupangira miyendo ya benchi. Wina anafuna kugula Sajeni yense pa sikelo. Mapeto ake anawalozera kwa mkulu wina wopuma usilikali, amene ankasunga zipangizo za magalimoto akale kuseri kwa nyumba yake, pansi pa malata. Kumeneko anaipeza ekizozi yeniyeni ya mtundu wa Sajeni, yosagwirapo ntchito, ikadali m'pepala lake la mafuta.

A Zigamba anaimanga atasamba m'manja. Anaitana amakanika oyandikana nawo kuti adzaone, ndipo ena anaisisita. Madzulo ake Sajeni anafika pakhomo mwakachetechete, ngati munthu wochedwa kutchalitchi. Oyandikana nafe nyumba anatuluka kudzawagwira chanza achimwene. Amayi sanadzutse n'komwe mutu.

Achimwene anaima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja, akuyang'ana mbale yosakhudzidwa.

"Koma ndi yeniyeni," anatero.

"Ilibe bowo," ndinatero ine.

M'mawa ndinakwera nawo kupita kwa a Zigamba. Nditafotokoza, anavula magalasi awo akuda n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, ine ntchito yanga ndi yotseka mabowo. Chitsulo ichi simungachipezenso kulikonse, ndiye mukuti ndichiboole?"

"Eya."

"Anzanga akamva?"

"Amva ndithu. Cholinga chake n'chimenecho."

Anapukusa mutu. Kenako anati ngakhale atavomera, bowo si bowo chabe. Likakhala kutsogolo imalira mwina, likakhala kumbuyo imaliranso mwina, ndipo ukaboola polakwika waononga. Anafunsa pamene panali bowo lakale. Achimwene anakanda m'mutu. Zaka zonsezi ankalimva, koma anali asanagwadepo kuti alione.

Ine ndinakumbukira khoma. Abambo ankaimika Sajeni malo amodzimodzi, m'mbali mwa nyumba, matayala mpaka anakumba timaenje. Pakhomapo pali mwaye pawiri: wina waukulu kumene kumathera paipi, wina waung'ono chapakati, umene Amayi ankaukwecha ndi bulashi uku akung'ung'udza. Mwaye waung'onowo unkachokera pabowo.

A Zigamba anabwera kwathu ndi choko, msomali waukulu ndi hamala. Achimwene analowetsa matayala m'timaenje tija. A Zigamba anagona chagada, anayeza kuchokera pamwaye ndi kamtengo, n'kulemba kamtanda pa ekizozi yonyezimira ija. Asanamenye anapempha kuti aliyense ayang'ane kumbali.

Bowo loyamba linachepa, Sajeni ankangoimba likhweru. Analikuza. Ine ndinali pazenera la Amayi, achimwene akuzungulira msewu n'kubwerera, a Zigamba akudikira ndi hamala. Ndikapukusa mutu, ankakuzanso pang'ono. Oyandikana nafe aja anaima pamipanda yawo manja ali m'chiuno.

Dzuwa litapendeka ndinatenthetsanso chakudya n'kuchiika pakatebulo. Achimwene anapita kukazunguliranso. Ndinaimva ikubwera kutali, ikukhosomola, ndipo ndisaname, ndinadzimva ngati ndine mwana amene sanatsuke mbale Abambo akufika. Inakhota. Inalowa m'timaenje mwake. Achimwene anaponda mafuta kamodzi asanazimitse, monga ankachitira Abambo, ndipo zenera linanjenjemera.

Amayi anakonza mpango kumutu. Anakoka mbale, anagawa chakudya pakati ndi supuni, theka n'kulikankhira mbali ina ya mbale, theka linalo n'kuyamba kudya. Ankatafuna pang'onopang'ono, ine ndikuwerenga ndi maso. Panja a Zigamba ankafunsa mokweza ngati akuzenso, koma ine maso anali pa supuni ya Amayi.

Atameza, Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope itakwinyika.

"Iwe, wangoima pamenepo bwanji?" anatero. "Pita ukawapatse bambo ako madzi osamba m'manja. Ndipo uwauze akonzetse chigalimoto chawocho, chikutisokosa."

Ndinatenga beseni n'kutuluka. Achimwene anali akadali pa chiwongolero, a Zigamba atatsamira tayala. Ndinawauza uthenga wa Amayi monga mmene unalili.

Achimwene anayang'ana kutsogolo kanthawi, kenako anapukuta mphuno ndi chipewa.

"Kawauze kuti mawa," anatero.